Mafunso a Owerenga: Ndalama za Sikimu ya Chipatala Alipire Ndani?

Makalata ambiri a mwezi uno akukamba za ndalama zimene olemba ntchito amathirapo pa sikimu ya chipatala ya antchito awo, inshuwalansi yowalipirira chithandizo akadwala, monga ya MASM kapena MedHealth. Tasankhapo asanu ndi limodzi. Makwacha amene tatchula m'mayankhowa ndi ongoyerekezera kuti masamu aoneke bwino, si mitengo ya sikimu ina iliyonse.

FUNSO: Ndine dalaivala pa kampani ina ku Kanengo. Mabwana ali pa sikimu yapamwamba ndipo kampani imawalipirira zonse, iwo ndi mabanja awo. Ife tili pa yotsika, kampani imalipira theka, theka linalo amatidula pa malipiro. Kodi lamulo limalola zimenezi? Dalaivala, Lilongwe.

YANKHO: Bambo, tiyambe ndi mbali yowawa. M'Malawi muno mulibe lamulo lokakamiza bwana kulipirira wantchito sikimu ya chipatala. Chokakamiza ndi penshoni, kumene bwana amaika 10 peresenti ndipo wantchito amadulidwa 5 peresenti. Chokakamizanso ndi tchuthi cha matenda: mukagwira ntchito miyezi 12, lamulo la Employment Act la 2000 limakupatsani masabata anayi a malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu a theka la malipiro pa chaka, bola pakhale kalata ya dokotala. Sikimu ya chipatala ndi nkhani ya mgwirizano pakati pa inu ndi okulembani ntchito.

Komabe bwana akangoyamba kulipira, ndalamayo siikhalanso mphatso. Lamulo lomweli likamanena za malipiro limawerengera salale pamodzi ndi zina zonse zimene munthu amapeza chifukwa cha ntchito, kaya ndi ndalama kapena zinthu. Gawo 6 limati anthu ogwira ntchito yolemera mofanana alandire mofanana, ndipo gawo 31 la malamulo aakulu a dziko limanenanso chimodzimodzi. Ndiye funso loyamba ndi lakuti mukudziyerekeza ndi ndani. Ngati dalaivala mnzanu wa giredi yanu akulipiriridwa zonse pomwe inu mukudulidwa theka, pamenepo pali mlandu. Koma kusiyana kwa dalaivala ndi manejala, khothi lingakuone ngati kusiyana kwa magiredi, monga momwe salale yanu imasiyanirana ndi yawo.

Kuloledwa ndi lamulo sikutanthauza kuti zili bwino. Tiyeni tiwerengere. Tinene kuti munthu mmodzi amalipiridwa K30,000 pa mwezi. Inu, mayi a kunyumba ndi ana awiri ndi K120,000. Theka lake ndi K60,000. Ngati mumalandira K250,000, ndiye kuti sikimu ikudya 24 peresenti ya malipiro anu, musanachotse msonkho ndi penshoni. Munthu wolandira K2,000,000 atati adulidwe K60,000 yomweyo, kwa iye ndi 3 peresenti basi. Pa kampani panu zafika poti wa 3 peresentiyo ndiye sadulidwa kalikonse. Thandizo lalikulu likupita kwa amene akanatha kudzilipirira okha.

Palinso china chimene sichioneka pa peyisilipi, ndicho shotifo, ndalama imene mumaonjezera pa kauntala ya chipatala chifukwa sikimu yalipira mbali chabe. Mapulani a sikimu amasiyana malire a ndalama zimene angakulipirireni pa chaka, zipatala zimene mungapiteko, ndi zimene amalipira pa mano, magalasi, ma scan kapena mankhwala a matenda okhalitsa monga shuga ndi BP. Pulani yotsika imakhala ndi malire ochepa, kotero amene ali pamenepo amapisa m'thumba kawirikawiri. Mumalipira kawiri: pakutha pa mwezi ndi pa tsiku lodwala. Nchifukwa chake antchito ambiri a magiredi apansi amachotsa ana pa sikimu n'kubwerera ku chipatala cha boma, kampani n'kumadzitama kuti ili ndi sikimu ya onse. Chonsecho malungo safunsa giredi.

Ife tingakulangizeni kuti musalimbane ndi zoti mukhale pa pulani ya mabwana, chifukwa adzangokuuzani kuti ndalama palibe. Pemphani zinthu ziwiri zotheka: kampani ilipire zonse za wantchito mwiniwake pa magiredi onse, ndipo pa akazi, amuna ndi ana, gawo la kampani likhale lalikulu kwa olandira zochepa. Lembani kalata pamodzi ndi anzanu, muikemo masamu ngati omwe taonetsawa koma ndi ziwerengero zenizeni za pa peyisilipi zanu. Ngati pali yuniyoni, nkhaniyi ilowe m'zokambirana za malipiro. Lamulo la Labour Relations Act la 1996 limati bwana azikambirana ndi yuniyoni imene ili ndi mamembala osachepera 20 peresenti ya antchito okhudzidwa.

FUNSO: Amuna a pa ofesi pathu amalembetsa akazi awo pa sikimu popanda vuto. Ine nditafuna kulembetsa amuna anga, a HR anati mwamuna ndiye amasamala banja, ndibweretse kaye umboni woti sali pa ntchito. Ndichite chiyani? Mayi wa ku Chilomoni.

YANKHO: Mayi, ili ndi tsankho loonekeratu. Gawo 5 la Employment Act limaletsa kusankha wantchito chifukwa chokhala mkazi kapena mwamuna, chifukwa chokhala pabanja kapena ayi, ndiponso chifukwa cha udindo wake m'banja. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko ndi lamulo la Gender Equality Act la 2013 zili kumbali yanu. Ngati mnzanu wamwamuna wa giredi yanu akulipiriridwa K30,000 ya mkazi wake pomwe inu mukukanizidwa, malipiro ake akuposa anu ndi K360,000 pa chaka popanda chifukwa china koma kuti ndi mwamuna.

Kampani ikhoza kuika lamulo loti silipirira mkazi kapena mwamuna amene ali kale pa sikimu ina kuntchito kwake. Lamulo lotere silolakwika ngati likugwira onse, ndiye kuti abambonso abweretse umboni womwewo wa akazi awo. Afunseni a HR mwa kalata kuti akuonetseni pamene zalembedwa m'buku la malamulo a kampani, komanso ngati abambo anapemphedwa umboniwo. Nthawi zambiri zimapezeka kuti sizinalembedwe paliponse, ndi maganizo chabe a munthu amene wakhala pa mpandopo. Akakana kuyankha, kalata yanuyo ndi tsiku limene munapereka ndiwo umboni wopita nawo ku ofesi ya zantchito.

Chimene angakufunseni moyenera ndi umboni wa ukwati. Musadandaule ngati simunakwatitse ku tchalitchi kapena kwa DC. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikiranso ukwati wa chikhalidwe, wa ankhoswe uja, ngakhale a sikimu angafune kalata yotsimikizira. Funsani kuti amalandira kalata yochokera kwa ndani musanayambe kuyendayenda.

Mayi wina wa ku Zomba wafunsa zofananako: iye sali pabanja, alibe mwana, koma amasunga amayi ake ndi mwana wa malemu mchemwali wake, ndipo akuona kuti anzake apabanja akupindula kuposa iye. Dandauloli ndi lomveka. Mafomu ambiri anapangidwa poganizira banja la bambo, mayi ndi ana obereka okha, pomwe makomo ambiri kwathu kuno akulera ana a abale. Kampani yoganiza bwino imangonena chiwerengero, mwachitsanzo anthu atatu pa wantchito aliyense, n'kumusiya mwiniwake asankhe, malinga ngati a sikimu awavomera. Dziwani kuti sikimu zambiri zimaika mtengo wokwera kapena malire a zaka kwa okalamba, ndipo pa mwana wolera zimafuna kalata yosonyeza kuti ali m'manja mwanu.

FUNSO: Mwezi uliwonse amandidula K45,000 ya sikimu. Sabata yatha mwana atadwala, ku chipatala anati khadi yathu inaimitsidwa chifukwa kampani sinapereke ndalama kwa miyezi itatu. Ndinalipira ndekha K86,000. Ndalama zanga zibwera bwanji? Bambo wa ku Luwinga, Mzuzu.

YANKHO: Pepani ndi matendawo. Musanaloze chala, tsimikizani kaye chimene chachitika, pakuti khadi imaimitsidwa pa zifukwa zingapo. Kampani imalandira bilu imodzi ya antchito onse, ndipo ikachedwa kulipira, gulu lonse limatsekeredwa nthawi imodzi. Koma zimachitikanso kuti fomu ya mwana sinatumizidwe, dzina kapena tsiku lobadwa linalembedwa mosiyana ndi la pa chiphaso, mwana wapitirira zaka zovomerezeka, kapena malire a pa chaka atha. Funsani anzanu awiri kapena atatu ngati makhadi awo akugwira. Kenako pitani ku ofesi ya sikimu ndi nambala yanu ya umembala, mupemphe chikalata chosonyeza mwezi womaliza umene munalipiriridwa. Mawu a pa kauntala ya chipatala paokha sakwanira.

Zikatsimikizika kuti kampani inadula koma sinapereke, sonkhanitsani mapeyisilipi a miyezi itatuyo, fomu imene munasaina yovomera kudulidwa, malisiti onse a kuchipatala ndi ku famase, ndi pepala la dokotala lolembera mankhwala. Jambulani makope, zenizenizo musunge nokha. Lembani kalata kwa mkulu wa kampani, kope lipite kwa a HR ndi a zachuma, ndipo wolandira asaine ndi kudinda pa kope lanu. M'kalatamo nenani zinthu zitatu: akubwezereni K86,000 munalipira, alipire ngongole ku sikimu kuti khadi itsegulidwe, ndipo ngati sangatero akubwezereni K135,000 imene anadula. Apatseni masiku 14.

Lamulo limalola bwana kudula ndalama ya sikimu pokhapokha mutavomera mwa kulemba, ndipo imadulidwa kuti ikafike ku sikimuko. Ikathera ku mafuta a galimoto kapena kubweza ngongole za kampani, ndiye kuti akugwiritsa ntchito malipiro anu popanda chilolezo. Masiku 14 akatha, kadandauleni ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, a leba aja, amene amaitana mbali zonse ziwiri. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khothi loona milandu ya pantchito, ndipo ku Mzuzu khothili lilipo. Mukhoza kukadziyankhulira nokha popanda loya. Mukapita ambiri ndi mapepala ofanana zimayenda msanga kusiyana ndi munthu mmodzi.

Chenjezo limodzi: funsani a sikimu ngati kuimitsidwa kwa nthawi yaitali kungachititse kuti muyambirenso nthawi yodikira, ija membala watsopano amayembekezera sikimu isanayambe kumulipirira chithandizo china. Kwa mayi woyembekezera kapena munthu wa mankhwala a mwezi ndi mwezi, chimenechi chingapweteke kuposa ndalama zimene zadulidwazo.

FUNSO: Ndinavulala dzanja ndi makina ku fakitale. Bwana akuti ndigwiritse ntchito khadi ya sikimu popeza kampani imalipira kale. Shotifo ndikulipira ndekha. Wantchito wa ku Makata.

YANKHO: Ayi, si mmene ziyenera kukhalira. Ngozi ya pantchito ili ndi lamulo lakelake, Workers' Compensation Act la 2000, ndipo ndalama zoyenera za chithandizo cha kuvulalako ndi udindo wa bwana, kaya muli pa sikimu kaya ayi. Mukagwiritsa ntchito khadi, mukudya malire a pa chaka amene mungawafune pa matenda ena, ndipo sikimu zambiri sizilipira n'komwe zovulala za pantchito zikadziwa. Onetsetsani kuti ngoziyo yalembedwa ndi kunenedwa ku ofesi ya zantchito, sungani malisiti a shotifo, ndipo dokotala alembe mmene dzanjalo lawonongekera, chifukwa chipepeso chimawerengedwa kuchokera pamenepo.

FUNSO: Kampani inkalipira 80 peresenti, ife 20. Mtengo wa sikimu utakwera, tangoona pa peyisilipi kuti tsopano tikudulidwa 40 peresenti. Sanatiuze chilichonse. Akhoza kutero? Akauntanti, Limbe.

YANKHO: Kukwera kwa mtengoko n'koona. Mankhwala ndi zipangizo zambiri za m'zipatala timagula kunja, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, zipatala zinakweza mitengo, sikimu nazo zinatsatira. Koma kukwera kwa mtengo ndi nkhani ina, kusintha kagawidwe ndi nkhani inanso. Mtengo ukachoka pa K100,000 kufika pa K130,000, gawo lanu la 20 peresenti liyenera kuchoka pa K20,000 kufika pa K26,000. Pa 40 peresenti mukudulidwa K52,000. Kampani inkalipira K80,000, tsopano ikulipira K78,000. Mwaona? Kukwera konse akusenzetsani inu, iwo n'kupulumutsapo K2,000.

Yankho lagona pa mawu a m'kalata yanu ya ntchito. Ngati inalembedwa kuti kampani idzalipira 80 peresenti, sangasinthe popanda inu kuvomera. Ngati inalembedwa kuti idzalipira ndalama yakutiyakuti, monga K80,000, ndiye kuti kukwera kulikonse ndi kwanu, ngakhale pamenepo sayenera kutsika pa K80,000 ija. Ngati imangoti mudzakhala pa sikimu motsatira ndondomeko ya kampani, bwana ali ndi mpata wosintha, komabe kusintha chinthu chokhudza malipiro popanda kukambirana ndi antchito n'kovuta kukuteteza pa khothi, makamaka ngati 80 peresentiyo yakhala ikulipidwa zaka zambiri. Onaninso fomu yovomera kudulidwa: ngati munasainira 20 peresenti, chilolezo cha 40 achitenga kuti?

Musatule pansi ntchito chifukwa cha mkwiyo, ndipo musangokhala chete. Lembani kalata yaifupi yonena kuti mukupitiriza kugwira ntchito koma simunavomere kusinthaku, ndipo mukupempha kuti ndalama yoonjezerayo ibwezedwe mpaka mutakambirana. Mukalandira mapeyisilipi asanu ndi limodzi osanena kanthu, bwana adzati munavomera. Kwa amene akulowa kumene ntchito, phunziro lake ndi loti lonjezo la pa intavyu lilembedwe ndi peresenti yake, dzina la pulani ndi chiwerengero cha anthu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

FUNSO: Ndili ndi bizinesi ya zomangamanga, antchito okhazikika 12. Ndingathe kupatula K600,000 pa mwezi ya sikimu. Ndigawe bwanji kuti pasakhale madandaulo? Ena akuti ndingowapatsa ndalamayo m'manja. Mwini bizinesi, Blantyre.

YANKHO: Pa mtengo woyerekezera wa K30,000 pa munthu, antchito 12 ndi K360,000. Lipirani imeneyo yonse, kuyambira mlonda mpaka foromani, pa pulani imodzi. Yotsala ndi K240,000 ya am'banja. Mukamalipira theka pa aliyense, K15,000, ikukwanira anthu 16, koma mudzapeza kuti olembetsa ndi a salale zazikulu okha, chifukwa mlonda sangakwanitse theka linalo. Njira yabwinoko ndi kugawa antchito m'magulu awiri kapena atatu a malipiro. Mwachitsanzo, olandira zochepera K300,000 muwalipirire 80 peresenti, K24,000 pa munthu, ndipo olandira zoposa pamenepo 40 peresenti, K12,000. Ndi K240,000 mukhoza kulipirira anthu 7 a gulu loyamba ndi 6 a gulu lachiwiri. Anthu achepa, 13 m'malo mwa 16, koma ndi amene akanasowa pogwira. Wofuna pulani yapamwamba aonjezere yekha kusiyanako.

Musathere K600,000 yonse tsiku loyamba. Mitengo ya sikimu imaunikidwa chaka ndi chaka, ana amabadwa, antchito amakwatira. Siyani ina yapadera, kapena lembani momveka kuti kagawidwe kadzaunikidwa mwezi wakutiwakuti chaka chilichonse mutakambirana ndi antchito. Chokhumudwitsa anthu kwambiri si kuchepa kwa ndalama koma kudzidzimutsidwa.

Ndondomeko yanu ikwane pa tsamba limodzi ndipo aliyense alandire kope. Inene tsiku loyambira, kaya ndi loyamba ntchito kapena pakutha pa nthawi yoyesedwa ntchito (probation), imene kwa antchito aluso lamulo silola kuti ipitirire miyezi 12. Inene za a kontirakiti ya nthawi yochepa, pakuti mmisiri amene mwakhala mukumusainitsa kontirakiti ya miyezi isanu ndi umodzi kwa zaka zinayi adzafunsa chifukwa chake ali kunja, ndipo adzakhala ndi mfundo. Inenenso kuti mupitiriza kulipira munthu akakhala pa tchuthi cha matenda kapena cha uchembere. Cha uchemberecho ndi masabata asanu ndi atatu a malipiro onse. Pa theka la malipiro la tchuthi cha matenda, ganizirani zosenza gawo la wantchito kwa miyezi imeneyo, chifukwa ndi nthawi imene khadi ikufunika kwambiri ndipo m'thumba muli mochepa. Pomaliza inene tsiku limene khadi imatsekedwa munthu akasiya ntchito, ndipo mumuuze msanga kuti akafunse ku sikimu ngati angapitirize payekha osayambiranso nthawi yodikira.

Za kupereka ndalama m'manja, ife sitikulimbikitsani. Alawansi ya ndalama imalowa pa peyisilipi ndipo imadulidwa msonkho wa PAYE, ndiye K50,000 imene aliyense mwa 12 aja angalandire pa K600,000 siifika yonse. Ikafikanso kunyumba imakumana ndi lendi, fizi ndi thumba la chimanga, ndipo tsiku lodwala munthu yemweyo adzabwera kwa inu kudzapempha advansi. Kuonjezera apo, kulowa ngati gulu kumakupatsani mphamvu yokambirana ndi a sikimu za mtengo ndi nthawi yodikira, koma funsani chiwerengero chochepetsetsa chimene amafuna, popeza anthu anayi akatuluka mwa 12 gululo likhoza kusakwanira. Amene ali kale pa sikimu ya mkazi kapena mwamuna wake mukhoza kumulola kuti malo akewo alembetsepo mwana kapena kholo.

Chinanso ndi chinsinsi. Inu mumalipira, koma zimene wantchito akudwala si zanu. Mafomu ofunsa za matenda apite ku sikimu ali mu envelopu yomata, asadutse pa tebulo la foromani. Lamulo la HIV and AIDS (Prevention and Management) Act la 2018 limaletsa kusala munthu pantchito chifukwa cha HIV, ndipo kuchotsa wina pa sikimu, kapena kumudula zambiri poti amapita ku chipatala pafupipafupi, kungakufikitseni ku khothi. Chimene mungapemphe kwa a sikimu ndi lipoti la gulu lonse lopanda mayina, losonyeza ndalama zagwiritsidwa ntchito ndi mashotifo amene antchito alipira. Mukaona kuti mashotifo achuluka pa mankhwala kapena pa zoyeza za ku labu, ndiye kuti pulani mwasankhayo ndi yochepa, ndipo pokambirana za chaka chamawa muyambire pamenepo.